Ana a M'mapiri Ovala Zoyera

Ife amene tinabadwa Apwitikizi akadali pano timasiyana tikamawerenga zimene zasintha kuno ku Tsangano ndi ku Macanga. Ena amatchula msewu wa phula wochokera ku Mussacama kukwera ku Ulongwe, ena magetsi a ku Cahora Bassa, ena mafoni amene afika ngakhale m'manja mwa abusa a ng'ombe. Ine ndinakalambira pa choko ndi bolodi, choncho maso anga amaona kwina. Chachikulu kwa ine n'chakuti lero mwana wobadwira m'nyumba ya udzu ku Ntengo-wa-Mbalame kapena ku Chidzolomondo angathe kunena pamaso pa akulu kuti, "Ine ndidzakhala dokotala," ndipo palibe womuseka. Masiku athu, mwana wonena zimenezi akulu akanamugwira pachipumi kuti aone ngati watentha thupi.

Sikuti ana a kale anali ogona m'mutu. Achinyamata ena a lero amaganiza kuti nzeru zinabwera ndi mayunivesite, koma ayi, nzeru zinalipo kale m'midzi muno. Chimene chinalibe ndi polowera. Mu 1940 boma la Portugal linachita pangano ndi Vatican, ndipo maphunziro a ana akuda anaikidwa m'manja mwa mishoni za Katolika. Kuno kwathu kunali ansembe achiJezuiti, amene anakhazikika ku Lifidzi kalekale, kenako mu 1945 n'kutsegula Fonte Boa. Mwana wakuda ankayamba wathera zaka zitatu akuphunzira Chipwitikizi, katekisimu ndi kulima munda wa sukulu asanaloledwe kulowa pulayimale yeniyeni. Pofika kalasi yachinayi, imene tonse tinkaitchula kuti kwarta, ambiri anali atayamba kale kumera ndevu. Tsono sekondale ya boma sinkalandira mwana wopitirira zaka 13. Panalibe chikwangwani chonena kuti wakuda asalowe; kalendala yokha inkamaliza ntchito yonse.

Ndinali ndi mnzanga wa kutsidya kwa dambo amene pa masamu sindinaonenso wina wofanana naye m'zaka zonse zimene ndaphunzitsa. Nyakwawa akafuna kudziwa msonkho wa mudzi wonse, ankangomuitana, iye n'kuyang'ana kumwamba pang'ono, n'kutchula chiwerengero mlembi asananyowetse n'komwe pensulo. Atatsiriza kwarta, bambo ake anali ndi ngongole ya msonkho, ndipo asipayi anali kuzungulira kufuna anyamata a chibalo. Anathawira ku Halale, kumene anakhala kapitawo pa famu ya mzungu, kuwerenga mabelo a fodya mpaka imvi. Atabwerera kumudzi ankakonda kukhala pafupi ndi njira ya ana a sukulu, n'kumawaponyera mafunso a masamu, wokhoza n'kumupatsa nzimbe. Sanadandaulepo za moyo wake. Ankangoseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ana anuwa akuchedwa kuganiza, mukuwadyetsa chiyani?"

Anzathu ena ankapeza njira yawo powoloka malire. Malire athu ndi Malawi alibe mtsinje kapena mpanda. M'malo ambiri ndi msewu wa Dedza kupita ku Ntcheu basi, ndipo mbumba imodzi imakhala mbali zonse ziwiri. Agogo athu ankakumbukira mishoni ya Adatchi ya ku Mphatso, imene inatsegulidwa mu 1909 n'kutsekedwa ndi Apwitikizi mu 1922, kumene anthu ankawerenga m'chilankhulo chawo. Chitsekedwere mishoniyo, njira ya ku Mlanda sinamere udzu. Mwana ankatumizidwa kwa amalume ake kutsidya, n'kulembedwa ngati wa komweko. Ena mwa iwo anadzakhala aphunzitsi ndi othandiza madokotala m'zipatala za ku Malawi, ndipo ana awo lero sadziwa n'komwe kuti mchombo wa bambo awo unakwiriridwa ku Tsangano wa kuno.

Munthu woyamba amene tinkamutcha adotolo sanali dokotala. Anali namwino wachimuna, wakuda mnzathu, woyenda pa njinga yakapalasa ndi kabokosi ka chitsulo kumbuyo. Majakisoni ankawiritsa mumphika pamoto wa nkhuni ife tikuonerera. Ankadziwa chibayo pongoika khutu pamsana pa mwana, ankazula mano, ankasoka mabala a nkhwangwa, ndipo azamba akathedwa nzeru usiku ankatumiza mnyamata kukamudzutsa. Dokotala wachizungu ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo akabwera, adotolo athu ankaima kumbuyo atagwira beseni, kumasulira mawu a odwala. Anthu ankadikira galimoto ichoke kuti amufunse iye ngati mankhwalawo amwedi. Unamwino ndiwo unali denga la mwana wakuda wofuna zachipatala. Ngakhale Samora Machel anadzera momwemo: anali namwino pa chipatala cha Miguel Bombarda ku Lourenço Marques, Maputo wa lero, mpaka pamene anathawa mu 1963 kukalowa Frelimo.

Mbiri yoti munthu wakuda angakhale dokotala weniweni inatifika kuchokera kutsidya kwa msewu. Mu 1958 dziko lonse la Nyasaland linagwedezeka ndi kubwera kwa Dr. Hastings Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu amene anatsiriza maphunziro a udokotala ku Meharry ku America mu 1937, n'kukachiza ngakhale azungu ku London. Akulu odziwa zambiri ankati asanatero iye kunali Dr. Daniel Malekebu wa ku Chiradzulu, amene anatsiriza pa sukulu yomweyo mu 1917. Za ndale za Kamuzu aliyense ali ndi maganizo ake, ndipo ife a kuno tili ndi athu. Koma ndikukumbukira bambo anga atabwera kumsika wa kutsidya, akupukusa mutu n'kumati, "Mchewa mnzathu kumuvula malaya mzungu n'kumuuza kuti pumira m'mwamba!" Usiku umenewo anyamata sitinagone msanga m'mphala.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti kumwera kwa dziko lathu lomwe kunali anyamata amene anali atayamba kale kukankha chitseko. Mu 1949 Eduardo Mondlane anayambitsa bungwe la ophunzira akuda a sekondale lotchedwa NESAM. M'bungwemo munadzatuluka Joaquim Chissano, mmodzi mwa ana akuda oyambirira kulowa Liceu Salazar mu 1951, ndi Pascoal Mocumbi. Onse awiri anapita ku Portugal kukaphunzira udokotala, ndipo mu 1961 anathawa m'dzikomo pamodzi ndi ophunzira ena a m'maiko olamulidwa ndi Apwitikizi n'kukafika ku France. Chissano udokotala anausiyira panjira chifukwa cha nkhondo ya ufulu, n'kudzakhala pulezidenti mu 1986. Mocumbi anagwira ntchito ya Frelimo, kenako anabwerera ku mabuku n'kutsiriza ku Lausanne ku Switzerland mu 1973. Anakhala dokotala wa amayi, nduna ya zaumoyo kuyambira 1980 mpaka 1987, ndiponso nduna yaikulu kuyambira 1994 mpaka 2004. Atamwalira mu 2023 ndinauza adzukulu anga kuti wapita munthu amene anakana kusankha pakati pa dziko ndi sukulu, anatenga zonse ziwiri.

Yunivesite inafika m'dziko muno mochedwa. Inakhazikitsidwa mu 1962 ku Lourenço Marques, ndipo udokotala unali m'gulu la maphunziro ake oyamba, koma mipando inadzaza ndi ana a atsamunda. Pofika nthawi ya ufulu, mwa ophunzira oposa 2,000, akuda anali pafupifupi 40 okha. Pa 25 Juni 1975 mbendera inakwera, pa 24 Julayi boma linatenga zipatala ndi sukulu zonse, ndipo Apwitikizi ambiri analongedza. Mwa madokotala oposa 500 amene anali m'dziko, anatsala osakwana 100. Mu 1976 yunivesite ija inapatsidwa dzina la Eduardo Mondlane, koma kwa mwana wa ku Furancungo, Maputo anali mtunda wa makilomita oposa 1,500, ulendo umene ngakhale makolo ake anali asanaulotepo.

Zaka zoyamba za ufulu ndimazikumbukira ndi chimwemwe ngakhale tinalibe sopo ndi mchere. Kuyambira 1976 magulu a katemera anayenda dziko lonse kubaya anthu katemera wa nthomba, chikuku, chifuwa chachikulu ndi kafumbata, ndipo ife aphunzitsi ndife tinkaika anthu pamzere n'kumatonthoza agogo oopa jakisoni. Midzi inkasankha mnyamata kapena mtsikana wodziwa kulemba kuti akaphunzire miyezi ingapo n'kubwera ndi bokosi la mankhwala. Ana ena anatumizidwa ku Cuba, pa chilumba cha Juventud. Ndipo pa 8 Malichi 1977 Samora anaitana ophunzira a makalasi omaliza a sekondale n'kuwauza kuti dziko silingadikire, maloto awo ayambe aima, apite kumene kukusowa anthu.

Mmodzi mwa ana a 8 Malichi amenewa anatumizidwa kudera kwathu kudzaphunzitsa. Anali wa kumwera, wosadziwa chilankhulo chathu, wonjenjemera ndi chisanu cha mwezi wa Juni mpaka amayi a m'mudzi anamusokera chovala cha bulangete. Mtima wake wonse unali pa udokotala, ndipo m'sutikesi mwake munali buku limodzi lalikulu la thupi la munthu lothothoka chikuto. Pakhomo pakaphedwa mbuzi ankapempha kuti asanagawe zam'kati ayambe waitana ana. Ankawaonetsa mtima ndi zipinda zake zinayi, n'kuuzira mapapo ndi bango kuti aone mmene amafufumira. Akulu poyamba ankati akuseweretsa ndiwo, koma posakhalitsa nawonso anayamba kusuzumira pamwamba pa mitu ya ana. Iye udokotala sanaupeze, anapumira pa uphunzitsi. Koma mwa ana amene anazungulira mbuzi zija munatuluka anamwino, mzamba wa kuchipatala ndi woyeza magazi.

Popeza madokotala anali ochepa, mu 1984 boma linayamba kuphunzitsa anthu a zachipatala odziwa kale ntchito kuti azichita opaleshoni, amene timawatcha matekiniko a opaleshoni. Kunja ena ankanyoza kuti mpeni sungapatsidwe kwa munthu wopanda digiri ya udokotala. Koma m'zipatala za m'maboma, amayi ambiri amene mwana anapingasa m'mimba anapulumukira m'manja mwa anthu amenewa, ndipo ndiwo ankakhalitsa kumidzi pamene ena ankathamangira kumizinda.

Kenako nkhondo yapachiweniweni inakwera mapiri. Pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, anaphedwa ku Chapotera kufupi ndi Lifidzi, ndipo chaka chotsatira midzi yambiri inatsala mabwinja. Sukulu ndi zipatala zazing'ono zinatenthedwa, mphunzitsi ndi namwino anasanduka anthu osakidwa. Tinawoloka msewu uja, ulendo uno ndi mitolo pamutu, ndipo Malawi anasunga anthu athu pafupifupi miliyoni imodzi. Ku Ntcheu tinkaphunzitsa m'zisakasa za udzu, ana atakhala pa miyala, akulemba pansi ndi chala. Panali mnyamata wina wamasiye amene akaweruka ankathamangira ku tenti ya chipatala. Anayamba ndi kutunga madzi, kenako kumasulira, kenako kusunga kaundula wa odwala. Kolera itabuka, iye ndi amene ankayenda m'misasa kuphunzitsa amayi kusakaniza madzi owiritsa, mchere ndi shuga. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi munthu wothawa nkhondo amaloledwa kukhala dokotala?" Ndinamuyankha kuti nkhondo imatha koma matenda satha, choncho asataye makope ake. Mtendere utabwera anakaphunzira ku Tete n'kukhala tekiniko wa zachipatala, ndipo mwana wake wamkazi ndiye anadzavala chovala chimene bambo ake ankachifuna.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo tinabwerera kudzadula tchire m'mabwalo a sukulu. Ine ndinatumizidwa kudera la Furancungo. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'chilankhulo chawo m'sukulu zingapo, Chinyanja kuno ku Tete ndi Chichangana ku Gaza, ndipo pambuyo pake njirayi inaloledwa m'sukulu zambiri. Amene sanaimepo kutsogolo kwa kalasi sangamvetse kukula kwa nkhaniyi. Mwana amene ankakhala duu chaka chathunthu chifukwa choopa kulakwitsa Chipwitikizi, ukamufunsa m'chilankhulo cha amayi ake chifukwa chake mbewu yobzalidwa pamthunzi imatalika n'kuyezuka, amakuyankha mpaka kukutsutsa. Sayansi imayambira pa kufunsa, ndipo mwana safunsa m'chilankhulo chimene akuchiopa.

Pang'ono ndi pang'ono yunivesite inayamba kutiyandikira. Yunivesite ya Katolika inatsegula sukulu ya udokotala ku Beira mu 2000. Mu 2005 ku Tete kunakhazikitsidwa sukulu yaukachenjede ya zamigodi, Instituto Superior Politécnico de Tete. Mu 2006 kunabadwa UniLúrio ku Nampula. Ndipo mu 2009 UniZambeze inayamba kuphunzitsa, n'kuika nthambi yake ya zaumoyo mumzinda wa Tete, ya zaulimi ku Ulongwe, pakhomo penipeni. Mu 2014 aJezuiti anatsegula sekondale ya Inácio de Loyola ku Msaladzi, m'boma la Tsangano lomwe lino. Ulendo umene kale unkafuna sitima ya pamadzi ndi chilolezo cha bwanamkubwa, lero munthu amanyamuka m'mawa pa minibasi, dzuwa lisanalowe n'kukhala atawoloka mlatho wa Zambezi.

Koma kuyandikira kwa sukulu sikunachotse mtengo wake, ndipo apa ndi pamene ndimavulira chipewa anthu a kwathu. Dokotala aliyense wochokera m'mapiri muno analipiridwa ndi khasu. Ku Tsangano ndi matumba a mbatata ya kachewere ndi tirigu, ku Macanga ndi mabelo a fodya. Ndikukumbukira mtsikana wina wa ku Macanga amene ndinamuphunzitsa kalasi yachisanu. Mayi ake aang'ono anamwalira m'ngolo ya ng'ombe ali pa ulendo wokabereka, iye akuyenda pambali atanyamula nyali, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanasinthe mawu: adzakhala dokotala wa amayi. Sekondale anaphunzira akugona m'kachipinda kalendi, kudziphikira yekha ufa wochokera kumudzi. Atatsiriza kalasi 12 analemba mayeso olowera ku yunivesite, a bayoloje ndi kemisitiri, koma dzina lake silinatuluke. Pamenepo mabanja anayamba kutumiza ankhoswe, ndipo achibale ena anati mwana wayesa, akwatiwe. Amalume ake, eni mbumba, munthu wosadziwa kulemba ngakhale dzina lake, anakhala chete mpaka onse atatha kulankhula. Ndiye anati, "Ng'ombe zili m'kholamo n'za mbumba. Uyu ndiye mbumbayo. Alembenso." Chaka chotsatira dzina linatuluka, ndipo ng'ombe ziwiri zinatsika kumsika.

Amene anapita ku Tete amabwera ndi nkhani zoseketsa. Mwana wokulira m'chisanu, wozolowera kuotha moto ngakhale masana, amakafika kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, n'kumagona panja atanyowetsa chitenje. Udzudzu wa m'chigwa umamulandira ndi malungo asanayambe n'komwe kuphunzira za malungowo. Odwala ambiri amalankhula Chinyungwe, mabuku ndi a Chipwitikizi, ena a Chingerezi, ndipo apa ana athu a m'malire amapezerapo mwayi, poti Chingerezi anachitolera kumsika ndi pa wailesi ya ku Malawi. Mtsikana uja atabwera patchuthi choyamba anafotokoza kuti amagwira mafupa a anthu ndi kulowa m'nyumba ya chisoni. Agogo ake anaomba m'manja n'kufuula kuti, "Kalanga ine! Tinagulitsa ng'ombe kuti mwana akakhale mdzukulu wa kumanda?" Anakana kudya naye mbale imodzi mpaka atamusambitsa ndi mankhwala. Iye anangosamba osatsutsa. Patapita zaka 6, agogo omwewo ndi amene anatsogolera nthungululu, ndipo lero salola munthu wina aliyense kuwayeza magazi.

Chimene ndimakonda koposa ndi nyengo ya tchuthi cha Disembala, pamene ophunzirawa amabwera kudzandilonjera n'kudzaza khonde langa. Ndimawawotchera chimanga n'kungomvetsera. Zolinga zawo si za m'mwamba ayi, zonse zili ndi mudzi kumbuyo kwake. Wina amanena za Manhiça, malo ofufuzira matenda amene anatsegulidwa mu 1996 kufupi ndi Maputo, kumene katemera wa malungo anayesedwa pa ana athu zaka zambiri dziko lonse lapansi lisanamuvomereze. Malawi anayamba kubaya ana katemera wa malungo mu 2019, kwathu kuno anayambira ku Zambézia mu 2024, ndipo mnyamatayu amati akufuna dzina la munthu wa ku Macanga lidzalembedwe pa kafukufuku wotsatira. Wina, wophunzira zoyezayeza, zimamuwawa kuti poliyo atapezeka ku Lilongwe mu 2022, kenako ku Changara m'chigawo chathu chomwe chino, chitsimikizo chinkachokera kumalabotale a kutali. Iye akufuna makina otero adzakhale ku Tete, oyendetsa adzakhale iyeyo.

A zaulimi a ku Ulongwe nawo salola kugonja pa mkangano. Amati dokotala amachiza mwana wotupikana mmodzimmodzi, koma amene angapeze mbewu ya mbatata yopirira chiwawu, kapena njira yogonjetsera mbozi zimene zinalowa m'chimanga chathu cha m'ma 2017, wachiza boma lonse nthawi imodzi. Wa zamigodi amati malasha a ku Moatize akhala akukumbidwa ndi nzeru zobwereka, ndipo nthawi yakwana yoti woyeza miyala ndi woyeza fumbi lolowa m'mapapo a anthu akhale mwana wa m'chigawo chino. Ndipo pali mtsikana wophunzira zamankhwala amene amayenda ndi kope kwa agogo ake, sing'anga wodziwika kudera kwawo, kulemba mitengo yonse imene amakumba. Amati akufuna kudzayeza muwawani ndi inzake kuti adziwe umene umachizadi, mlingo wake, ndi umene umangowononga chiwindi. Agogowo amamuuza mitengo iwiri, wachitatu n'kubisa, ati adzamuuza akadzaona digiri.

Sindinganame kuti zonse n'zokoma. Dziko lili ndi anthu oposa 30 miliyoni tsopano, ndipo madokotala, ngakhale apitirira 2,000, akadali ochepa kwambiri, ambiri mwa iwo ali m'mizinda ikuluikulu. Ena mwa ana athu akatsiriza amakhala pakhomo kudikira kulembedwa ntchito. Ena amatengedwa ndi mabungwe a galimoto zoyera, ena Maputo amawameza. Mu 2013 ndi mu 2023 madokotala ananyanyala ntchito chifukwa cha malipiro ndi kusowa kwa zipangizo, ndipo m'midzi anthu anang'ung'udza kuti tinawaphunzitsa kuti atisiye. Ine ndinawamvetsa mbali zonse. N'zowawa kuona wodwala akubwezedwa, koma n'zowawanso kuphunzira zaka 6 n'kumauza mayi kuti akagule yekha magolovesi. Komanso ife achibale tili ndi mlandu wathu: mwana akangoyamba kulandira, maliro onse, fizi yonse ndi feteleza wa mudzi wonse timamusenzetsa yekha, mpaka amayamba kuopa kubwera kwawo.

Choncho akandifunsa maganizo anga, sindiwalamula kuti abwerere kumudzi. Ndimangowafotokozera za mnzanga wa masamu uja, za adotolo a panjinga, ndi za mphunzitsi wa mbuzi, kuti adziwe kuti mpando umene akhalapo unali ndi eni ake amene sanaloledwe kuukhalira. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Ambiri amamva. Mtsikana wa ku Macanga uja akulipirira ana awiri a sekondale amene si abale ake, ndipo akukonzekera kupita kukaphunzira ukatswiri wa matenda a amayi kuti akwaniritse zimene analonjeza pambali pa ngolo.

Mwezi watha ndinapita kukayezetsa kuthamanga kwa magazi, ndipo ndinapeza kuti wovala zoyera ndi mnyamata amene ndinamugwira dzanja polemba chilembo chake choyamba, yemwe ankalemba "s" chotembenuka mpaka kalasi yachitatu. Anaimirira, n'kundipatsa moni ndi manja awiri, kenako nkhope inasintha. "Aphunzitsi, mchere muchepetse, nyama yonona musiye, ndipo mapiritsi awa musadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Mwezi wamawa ndidzakufunsani." Ndinayang'ana pa pepala limene anandilembera, ndipo ndinamuuza kuti kalembedwe kake sikanasinthe, kakadali koipa. Iye anati kumeneko ndiye kulemba kwa madokotala. Mchere ndachepetsadi, mapiritsi ndikumwa, koma za nyama yonona tidzakambirananso mwezi wamawa.